Momwe mungaonere tizilombo ta m'madzi tikudya mabakiteriya

Anzanga a ku Ulongwe, Moatize mpaka ku Songo, ngati pasukulu panu pali maikulosikopu yangokhala m'kabati fumbi lokhalokha, itulutseni, ili ndi ntchito.

Pezani botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, mutungiremo madzi a pachithaphwi kapena m'mbali mwa Revúbuè pomwe madzi adikha, ndi timatope pang'ono. Tungani ndi chitini chomangirira kunsungwi, osalowamo, likodzo liliko ndipo ng'ona za mu Zambezi sizicheza. A pampopi ayi, klorini imapha zonse. Ponyanimo udzu wouma pang'ono, kukamwa mumange kansalu kuti mpweya uzilowa koma udzudzu usaikiremo mazira, muike pamthunzi.

Pakatha masiku 3 kapena 4 pamwamba pamayandama kotererera ngati mafuta a ndiwo zozizira, kafungonso kamayamba, amenewo ndi mabakiteriya akudya udzu uja. Musafulumire, ifike sabata kuti owadyawo achuluke.

Kenako dontho limodzi la pamwambapo pagalasi, muikepo timaulusi ta thonje kuti tizilomboto tizikodwa chifukwa timathamanga zedi, phimbani ndi kagalasi kopyapyala. Yambani ndi 40x, kutanthauza kukulitsa chinthu ka 40, mukapeza chinthu mupite pa 100x kenako 400x. Paramecium muidziwa msanga, imaoneka ngati silipasi, thupi lonse tiubweya topalasa madzi ndi kukankhira mabakiteriya m'kangalande kopita kukamwa, mukayang'anitsitsa muona timipira ta chakudya tikuzungulira m'kati mwake. Ine yomwe imandigwira mtima ndi Vorticella, kabelu kokhala pakachingwe, imapanga kamvuluvulu kokokera chakudya ndiye mukangogogoda tebulo imakhwinyata kamodzi n'kamodzi ngati sipuling'i kenako n'kutambasukanso pang'onopang'ono. Tina tating'onoting'ono tokhala ndi kamchira, ma flagellate, timangooneka ngati timadontho tonjenjemera koma pa kudya mabakiteriya ndito akatundu. Bakiteriyayo ndi pafupifupi milimita imodzi mutaigawa ka 1,000.

Nde zomwe mukuona m'botolomo ndi zomwe zimachitika ku Chinde komwe Zambezi wathuyu amathira m'nyanja ya Indian, madzi abwino akusakanikirana ndi amchere. Masamba owola ndi zowola zina zomwe mtsinje wanyamula zimasungunuka, nsomba singadye zosungunuka koma mabakiteriya amatha, iwowo n'kudyedwa ndi ma flagellate, awa n'kudyedwa ndi aubweya aja, kenako tinkhanu tosaoneka bwino totchedwa copepod, mpaka kufika pa ana a nsomba ndi a kamarawu (ma prawn). Zotuluka m'matupi mwawo, naitrojeni ndi fosiforasi, ndi fetereza wa ndere. Akatswiri anautcha unyolo umenewu microbial loop mu 1983. Kapenta wa ku Cahora Bassa nayenso amadya tinkhanu ta mtundu womwewu.

Mukamaliza thirani jiki m'botolomo musanataye, ana asambe m'manja ndi sopo.