Mtsempha ukawonongeka pa opareshoni yokonza maonekedwe: chochita kuchipatala ndi pofuna chipukuta misozi

Opareshoni yokonza maonekedwe si ya anthu a ndalama okha. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo anthu amakachotsetsa chipsera chotupa pakhutu pomwe anaboola ndolo, chotupa cha mafuta pakhosi kapena pamkono, chipsera cha moto chomwe chakoka khungu. Ena amafika mpaka ku South Africa, India kapena Turkey kukachepetsa mimba ndi mabere, kapena kukakoketsa khungu la nkhope. Paliponse pomwe mpeni wadutsa pali mitsempha, osati ya magazi ija, koma yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Ikakhudzidwa, malowo amachita dzanzi, amawotcha, kapena chiwalo chimaleka kugwira ntchito.

Ambiri amathamangira kufunsa kuti khothi lingawapatse zingati. Yambani ndi mtsemphawo, chifukwa nthawi yake yochira ndi yaifupi kuposa yomwe lamulo limakupatsani, komanso mapepala omwe mumatola pofuna chithandizo ndi omwewo adzakhale umboni wanu.

1. Dziwani ngati ndi dzanzi wamba kapena ndi vuto

Dzanzi lozungulira bala lenilenilo limabwera pafupifupi kwa aliyense, ndipo limachepa pakapita milungu kapena miyezi. Chodetsa nkhawa ndi dzanzi lomwe latsata njira ya mtsempha n'kufika kutali ndi bala, kapena kufooka kwa minofu. Malo ake amadziwika:

Pankhope ndi pakhosi, mtsempha womwe umavulala kawirikawiri ndi wopita ku khutu, ndipo kunsi kwa khutu kumachita dzanzi. Nthambi za mtsempha woyendetsa nkhope zikakhudzidwa, nsidze imodzi sikwera, diso silitsekeka bwino, kapena mlomo wa m'munsi umapendekera mbali imodzi mukamaseka.

Chotupa chikachotsedwa m'mbali mwa khosi, chakumbuyo, pali mtsempha wa phewa womwe umadutsa pafupi kwambiri ndi khungu. Ukadulidwa, phewa limagwa, limawawa, ndipo mkono sukwera kupitirira phewalo. Vutoli limachedwa kuzindikirika chifukwa bala limakhala laling'ono, lapola bwinobwino, ndipo munthu amangoti ndagonera phewa. Kwa wothyola tiyi wobereka dengu kumsana tsiku lonse, apa ndi pomwe ntchito imathera.

Pa opareshoni yochepetsa mimba, kunja kwa ntchafu kumatha kuchita dzanzi kapena kuwotcha. Pa ya mabere, nsonga ya bere imatha kusiya kumva. Jakisoni wobayidwa malo olakwika pathako angakhudze mtsempha waukulu wa mwendo, phazi n'kumakwekwereza poyenda.

Musadikire tsiku lokachotsa ulusi ngati malowo akutupa mofulumira, ululu ukukula, bandeji yathina mpaka zala zazizira kapena zasintha mtundu, kapena mwadzuka nkhope itapendekera. Bwererani tsiku lomwelo. Magazi oundana mkati kapena bandeji yothina zimapanikiza mtsempha, ndipo zikachotsedwa msanga umapulumuka. Nthambi ya mtsempha wa nkhope ikadulidwa, imapezeka ndi kusokedwa mosavuta mkati mwa maola 72.

2. Pimitsani kwa dokotala wina, ndipo zilembedwe

Pitani ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo ku Makwasa, kulikonse komwe si komwe munachitidwa opareshoniyo. Fotokozani tsiku la opareshoni, tsiku lomwe vuto linayamba, ndi zomwe simukutha kuchita. Pemphani kuti alembe m'buku lanu la kuchipatala malo enieni omwe ali ndi dzanzi komanso mphamvu ya minofu. Madokotala amayeza mphamvuyi kuyambira 0, pomwe mnofu sugwedezeka n'komwe, kufika 5, pomwe uli bwinobwino. Nambala imeneyi ikamalembedwa ulendo uliwonse, imasonyeza ngati mukuchira kapena ayi. Mawu oti "wodwala akudandaula dzanzi" okha sathandiza dokotala wotsatira, sathandizanso loya.

Ngati pali kufooka, pemphani kalata yokutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, komwe kuli akatswiri a maopareshoni. Funsaninso za kuyeza mtsempha ndi makina a magetsi. Kuyezaku kumapereka yankho lodalirika pakatha pafupifupi milungu 3 chivulalireni, osati sabata yoyamba.

Mtsempha uli ngati nthambo ya magetsi: chikuto kunja, timawaya mkati. Ukangopanikizika kapena kukokedwa pang'ono, timawaya timakhala tabwino ndipo umayambanso kugwira ntchito pakati pa masiku angapo ndi miyezi 3. Timawaya tikaduka koma chikuto chili chonse, timamera tokha, pafupifupi milimita imodzi patsiku, kutanthauza masentimita 3 pamwezi. Ndiye ngati kuchokera pomwe pavulala kufika pa mnofu pali masentimita 30, mudikira miyezi ngati 10. Zonse zikaduka, mtsempha suchira wokha: pafunika kuusoka kapena kulumikiza ndi kachidutswa ka mtsempha wina, nthawi zambiri wotengedwa kumwendo.

Apa ndi pomwe anthu amapusitsidwa ndi mawu oti "zidzatha zokha". Mnofu ukakhala miyezi 12 mpaka 18 osalandira uthenga, umafota kotheratu, ndipo ngakhale mtsempha utasokedwa bwino pambuyo pake mphamvu sibwerera. Pakatha miyezi 3 popanda kusintha kulikonse, kakamirani kuonana ndi katswiri. Chizindikiro chabwino n'chakuti mukagogoda pang'ono ndi chala motsatira njira ya mtsempha, pamamveka kunyerenyesa, ndipo malo onyerenyesawo amasunthira kutsogolo mwezi ndi mwezi. Akaima pamodzi, auzeni adokotala.

Podikira, tetezani chiwalocho. Mafizo amathandiza kuti mfundo zisaume. Dzanja kapena phazi lakugwa limafuna chogwiriziza. Diso losatsekeka limafuna mankhwala odonthezera masana ndi kulimata usiku, apo ayi limauma n'kuchita chilonda. Khungu la dzanzi limapsa pambaula kapena ndi madzi otentha mwini wake osamva. Ululu wa mtsempha, wowotcha kapena wobaya ngati singano, sumva Panado kwenikweni. Madokotala amalemba mankhwala monga amitriptyline kapena gabapentin, kuyamba ndi mlingo wochepa. Musagule nokha pamsika.

3. Sungani umboni kuyambira sabata yoyamba

Gulani kope limodzi la nkhaniyi yokha. Lembani dzina la amene anachita opareshoni, amene anakugonetsani kapena kukubayani jakisoni wa dzanzi, zomwe anakuuzani musanasaine fomu, ndi amene analipo pomwe amakuuzani. Jambulani ndi foni malowo sabata iliyonse, pamalo amodzimodzi ndi kuwala kofanana. Pa nkhope jambulani vidiyo mukukweza nsidze, kutsinzina ndi kuonetsa mano. Malo a dzanzi azungulizeni ndi bolopeni musanajambule. Zithunzi zakale za musanachitidwe opareshoni n'zofunika chimodzimodzi, chifukwa mbali yomwe mukuisumira idzanena kuti munali kale choncho.

Malisiti onse asungeni, mauthenga a WhatsApp ndi a Airtel Money kapena Mpamba musafufute. Minibasi ndi kabaza sapereka lisiti, choncho lembani tsiku, komwe mumapita ndi ndalama zake. Ngati mumagwira ntchito ku esiteti, sungani mapepala a malipiro a miyezi ya musanavulale ndi ya pambuyo pake: kusiyana kwa makilo a tiyi omwe mumathyola ndi umboni wooneka. Wogulitsa nanazi, nthochi kapena kaunjika ku Limbuli, Luchenza kapena Bvumbwe alembe zomwe amapeza patsiku la msika.

Kenako lemberani chipatala kalata yopempha kope la fayilo yanu: fomu yomwe munasaina, zomwe dokotala analemba za opareshoni, pepala la wogonetsa, ndi zolemba za anamwino. Kalatayo ikhale iwiri, ina adinde mubwere nayo. Chitani izi msanga, mkangano usanakule. Buku lanu la kuchipatala musalisiye m'manja mwa munthu, perekani fotokope.

4. Kodi kunali kusasamala?

Kuvulala kokha si mlandu. Mtsempha ungawonongeke ngakhale dokotala atachita zonse molondola. Khothi limafunsa ngati anachita zomwe madokotala ena odziwa ntchito yomweyo akanavomereza kuti n'zoyenera, ndiponso ngati kulakwitsa kwakeko ndi komwe kunabweretsa vuto lanulo. Udindo wosonyeza zimenezi uli kwa inu odandaula.

Milandu yolimba imakhala ya munthu amene anachita opareshoni yomwe sanaphunzire, anadula mozama pamalo pomwe aliyense wophunzira amadziwa kuti pali mtsempha, sanakuuzeni za chiopsezo chodziwika musanavomere, kapena munabwerera mukudandaula kufooka iye n'kumangokubwezani miyezi n'kumapita. Chomalizachi anthu amachiiwala, chonsecho nthawi zina ndi chomwe chimaoneka bwino m'mapepala kuposa zomwe zinachitika mu fiyeta, chipinda chochitiramo opareshoni.

Kusaina fomu sikutanthauza kuti munavomera kuchitidwa mosasamala. Koma ngati fomu inatchula dzanzi losatha ndipo anakufotokozerani m'chilankhulo chomwe mumamva, mfundo yoti simunachenjezedwe imafooka. Mulimonsemo pafunika lipoti la katswiri wina wonena chomwe chinalakwika ndi kuchuluka kwa chilema chomwe chatsala. Akatswiri m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana, motero gawo ili ndi lomwe limavuta ndi kudya nthawi.

5. Kokadandaula

Medical Council of Malawi ndi bungwe lomwe limalembetsa madokotala, makiliniko ofesa ndi zipatala zomwe si za boma, motsatira lamulo la 1987. Lemberani dandaulo lanu kumeneko, ndipo funsani ngati amene anakuchitani opareshoni ali m'kaundula. Nkhani ya namwino imapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Mabungwewa amafufuza ndi kulanga, mpaka kulanda chiphaso, koma chipukuta misozi chimachokera ku khothi kapena pa mgwirizano wa mbali ziwiri. Zomwe apeza zingathandize loya wanu.

Pa zipatala za boma pali ofesi ya ombudsman wa chipatala, yolandira madandaulo a odwala, yothandiza makamaka fayilo ikamavuta kutuluka. Ngati amene anakubayani kapena kukuchekani ndi wa pa saluni kapena wa m'nyumba wopanda chiphaso, kanenenso ku polisi, ngakhale kunena zoona, kupeza ndalama kwa munthu wotere n'kovuta.

6. Loya ndi nthawi

Mlandu wa kuvulala m'thupi chifukwa cha kusasamala uyenera kulowa ku khothi pasanathe zaka 3. Kudandaula ku Medical Council kapena kukambirana ndi chipatala sikuimitsa nthawiyi. Ngati ndi chipatala cha boma, wosumiridwa ndi Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo lamulo limafuna kuti ayambe wapatsidwa chidziwitso cholembedwa miyezi 3 mlandu usanalowe. Onanani ndi loya chaka choyamba chisanathe.

Wosowa ndalama apite ku Legal Aid Bureau, komwe amaunika kapezedwe kake ndi kulimba kwa mlandu. Wolemba loya wake atsimikize ku Malawi Law Society kuti ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, ndipo mgwirizano wa malipiro ulembedwe. Madobadoba ozungulira pachipatala ndi pakhothi apeweni. Ndalama zikatuluka, mwini bala amalandira zotsala.

Loya amayamba ndi kalata yofuna chipukuta misozi. Zikakanika, mlandu waukulu umapita ku High Court ku Chichiri, komwe malamulo a 2017 amafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zayesa kugwirizana pamaso pa woweruza. Funsani loya wanu poyera za ngozi yoluza, chifukwa woluza nthawi zambiri amalipira ndalama zomwe mnzake wawononga pa mlandu.

Chipatala chikakuitanirani pambali n'kukubwezerani ndalama za opareshoni, werengani pepala lomwe akufuna musaine. Likanena kuti nkhani yathera pomwepo, simudzathanso kusuma, ngakhale patapita miyezi 6 zitadziwika kuti mtsempha unaduka. Musasaine katswiri asananene komwe kuchira kwanu kudzathere.

7. Zomwe khothi limawerengera

Pali ndalama za ululu ndi kuzunzika, za kulephera kuchita zomwe mumachita kale, za kuwonongeka kwa maonekedwe, ndi za kuchepa kwa mphamvu yopezera ndalama. Izi khothi limaziyerekeza ndi milandu ina yofanana, poganiziranso kugwa kwa kwacha. Ndalama zomwe mwawononga kale, za mankhwala, mafizo ndi maulendo a ku Blantyre, zimafuna kutchulidwa imodziimodzi m'chisumo ndi kusonyezedwa ndi malisiti. Yopanda umboni imakanidwa. Ngati mudzafunika opareshoni yolumikiza mtsempha, tengani mtengo wake wolembedwa ndi chipatala.

Opareshoni ikachitikira kunja, mlandu nthawi zambiri umazengedwa komweko, ndi loya wa komweko. Ku South Africa dandaulo la dokotala limapita ku Health Professions Council of South Africa, ndipo nthawi yosumira nayonso ndi zaka 3. Tengani fayilo yanu yonse musanakwere basi ya ku Johannesburg yobwerera kumudzi, pamodzi ndi dzina lonse la dokotala ndi nambala yake ya m'kaundula, chifukwa kuitanitsa mapepala amenewa muli ku Chitakale kumatenga miyezi.