Momwe mungafunsire antchito za kusintha kwa pantchito osawaika m'mavuto

Kampani ikaphatikiza nthambi, ikachepetsa antchito kapena ikabweretsa makina atsopano, m'pamene khalidwe lake lenileni limaonekera: ndani anauzidwa msanga, ndani anatsala chifukwa ndi mlamu wa bwana. Ngati mukufuna kufufuza zimenezi ku Kanengo kapena ku Capital Hill, yambani ndi chilolezo musanafunse munthu ndi mmodzi yemwe.

Kafukufuku wotere amaunikidwa ndi NCRSH, komiti ya National Commission for Science and Technology konkuno ku Lilongwe, kapena komiti yovomerezeka ya pa yunivesite yanu. Mumapereka ndondomeko ya kafukufuku, mafunso anu, ndi fomu yovomereza ya m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Kalata ya bungwe lomwe mukukafufuzalo ikhalepo, koma bwana akalola si ndiye kuti wantchito walola. Aliyense avomere payekha.

Ambiri amaphonya posankha anthu. Mukasiyira a HR, ofesi yoona za antchito, adzakupatsani oyamikira okhaokha. Pemphani mndandanda wa antchito onse, musankhe nokha: mamanijala, akalaliki, madalaivala, alonda, ndiponso ena amene anachotsedwa, poti iwowa alibenso choopa. Pa za kuchuluka kwa anthu ofunika kucheza nawo, wofufuza wina dzina lake Guest ndi anzake mu 2006 anapeza kuti mfundo zatsopano zinayamba kusowa atacheza ndi anthu 12, koma anthuwo anali ofanana. Mlonda ndi manijala si ofanana, choncho 12 ya kampani yonse siikwana.

Musachezere mu ofesi ya bwana, ndipo musaike kapitawo pagulu limodzi ndi anthu ake. Onse adzangoti zonse zili bwino. Ola limodzi likwana pa kucheza kulikonse.

Pofunsa, tsatirani ndondomeko ya momwe zinthu zinachitikira. Katswiri wa za maganizo a anthu, Kurt Lewin, anagawa kusintha patatu: kugwedeza zozolowereka, kusintha, kenako kukhazikitsa zatsopano. Funsani motero: munamva liti ndipo kwa yani, chinasintha n'chiyani pa ntchito yanu, lero chatsala n'chiyani. Za ziphuphu musalunjike. "Kodi munalandirapo?" yankho lake ndi "ayi" basi. M'malo mwake perekani kankhani kopeka: "Kalaliki wogula katundu wauzidwa kuti oda apatse m'bale wa bwana. Pano zikanatha bwanji?" Munthu amamasuka pokamba za wina, ndipo zapantchito pake zimatulukira momwemo. Muuzeni poyambirira kuti asatchule maina, chifukwa inu si a ACB ndipo simukufufuza mlandu.

Kulemba mawu ojambulidwa kumadya nthawi: ola limodzi limatenga maola 4 mpaka 6. Lembani kaye m'Chichewa momwe anayankhulira, kumasulira kubwere pambuyo. "Mphatso", "kangachepe" ndi "ya fanta" si chinthu chimodzi. Mukazimasulira zonse ndi liwu limodzi, mwataya malire omwe antchitowo amaika pakati pa ulemu ndi katangale, pomwe malirewo ndiwo mukufufuza.

Maina asinthidwe kukhala manambala, ndipo pepala lolumikiza dzina ndi nambala lisungidwe kwina, osati m'kompyuta yomweyo. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limakhudzanso inu. Kufufuta dzina kokha sikukwanira: mukalemba kuti "mayi wa ku akaunti" pamene ku akauntiko mayi alipo mmodzi, mwamutchula. Lembani "wantchito wa muofesi", ndipo lipoti lopita kwa mabwana likhale ndi mfundo za gulu, osati mawu a munthu mmodzimmodzi.