Mukakhala pamaso pa mlangizi, musathawe zomwe mtima ukumva

Ine ndimapereka uphungu kuno ku Dedza, ndipo ambiri obwera kwa ine, kaya ochokera ku Bembeke kaya ku Lobi, amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Mtima ukungondipweteka basi." Poyambira ndi pomwepo, koma musaime pamenepo.

Yambani ndi kumvera thupi lanu. Kodi pakhosi pakutsamwa? M'mimba mukutentha? Muuzeni mlangizi malo ake enieni. Kenako chitchuleni dzina chomwe mukumvacho: mantha, manyazi, chisoni kapena mkwiyo. Chikatchulidwa chimayamba kuchepa mphamvu.

Apa ndi pomwe ndimachedwapo kwambiri. Kawirikawiri mkwiyo umabisa china pansi pake. Bambo amene mbatatesi yake yapsa ndi chiwawu, ngongole ya feteleza ikumudikira, amakalipira ana kunyumba, koma chomudya m'kati ndi manyazi. Akafika pa manyaziwo misozi imalengeza. Musaipukute msanga, bambo. Ilekeni itsike, muzipuma pang'onopang'ono.

Katswiri wina wa ku Canada, Leslie Greenberg, amaphunzitsa kuti ululu wa mumtima umasinthidwa ndi kumva kwina kwatsopano, osati kudzikakamiza kuiwala. N'chifukwa chake nthawi zina ndimaika mpando wopanda munthu patsogolo panu, kuti muuze malemu mayi anu zimene munalephera kunena ali moyo. Poyamba zimaoneka zachilendo, ndikudziwa. Koma ambiri amayamba akudziimba mlandu, n'kumaliza akudzimvera chifundo.

Tsiku limodzi silikwanira, bwereraninso. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha akukubwererani, musadikire tsiku lomwe munapangana. Pitani kuchipatala lero lomwe, mbale wanu akuperekezeni.