Musanatsitse giyabokisi ya Hiace yanu, yesani kilatchi chonchi

Dalaivala akangodandaula kuti minibasi yayamba kuvuta magiya, ambiri timathamangira kukagula kilatchi puleti, chonsecho nthawi zina vuto ndi kalabala kotchipa kwambiri ka mu masita silinda, kapampu komwe kamakankha mafuta a kilatchi mukaponda pedulo. Kutsitsa giyabokisi ya Hiace yakale ija ya injini ya 3L kapena 5L ndi ntchito ya tsiku lonse komanso ndalama ya makaniko, ndiye yambani mwadziwa kaye chomwe chadwala.

Kaye onani ngati kilatchi ikuselereka. Imikani pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki mwamphamvu, lizani injini, ikani giya 4 kenako muzisiya pedulo pang'onopang'ono mukupatsa moto pang'ono. Injini ikazima ndiye kuti puleti ikugwirabe bwinobwino. Ikamangolirabe phazi mutachotsa, puleti yatha basi. Musachite kambirimbiri, mupsereza yotsalayo. Pamsewu mumaidziwanso, mwadzaza anthu mukukwera chitunda cha ku Chikwawa kuchokera pa Thabwa, mukuponda moto injini ikukuwa koma galimoto sikuwonjezera liwiro, kenako kafungo kakupsa kaja kayamba kumveka. Koma musanaweruze gwirani pedulo ndi dzanja, ikuyenera kusewera pang'ono, ma milimita 5 mpaka 15, isanayambe kulimba. Ikakhala kuti sisewera olo pang'ono ndiye kuti wina anaikunga kwambiri ndipo kilatchi ikukhala ngati yapondedwa nthawi zonse, iyi ndi ya sipanala chabe.

Vuto lina ndi lakuti magiya akukana kulowa, makamaka 1 ndi livesi yomwe imachita khrrr mpaka mapasenjala kuyang'anana. Apa ndi pomwe anthu amaluza ndalama zaulere. Zimitsani injini muyese magiya onse, akamalowa mofewa injini ili chete koma kukana ikalira, nthawi zambiri giyabokisi ilibe mlandu, kilatchi ndiyo sikumasula. Tsopano pompani pedulo kangapo mwachangu muyesenso. Giya ikalowa, vuto lili ku mafuta, mwina mwalowa mphepo kapena malabala atha. Kilatchi ya Hiace imayendera brake fluid, ndiye onani ngati mafutawa atsika m'kabotolo kake, pisani dzanja kumwamba kwa pedulo komwe kachitsulo kamalowa mu masita silinda, kukanyowa ndi yomweyo ikudontha. Lowaninso pansi pa galimoto musende kalabala ka silevi silinda, yolandira mafuta ochokera ku masita, yomwe ili pambali pa giyabokisi, mukatuluka mafuta mwaipeza. Wina aponde pedulo inu mukuona ngati kachitsulo kake kakukankha mokwanira foloko, chitsulo chomasula kilatchi. Pedulo yomwe imamira yokha mukaigwirizira pansi nthawi yaitali, galimoto n'kuyamba kukwawa ili m'giya, imeneyo ndi masita ngakhale kunja kukhale kouma. Sinthani chomwe chathacho, mubulide (kutulutsa mphepo), muthire brake fluid ya DOT 3 osati oyilo wa injini chonde, amatupitsa malabala.

Phokoso nalo limanena zoona. Likamabwera mukaponda pedulo n'kusiya mukachotsa phazi, ndi thrust bearing, bering'i yomwe foloko imakankha pomasula kilatchi. Likamamveka muli nyutulo phazi lili kumbali n'kuzima mukaponda, kayikirani ma bering'i a m'giyabokisi, puleti yatsopano sithandiza.

Galimoto ikamanjenjemera ponyamuka yambani mwaona ma mounting a injini ndi giyabokisi, akakhala abwino yang'anani pansi pomwe injini yakumana ndi giyabokisi ngati pakudontha oyilo, chifukwa oil seal yakumbuyo kwa injini ikatha imanyowetsa puleti.

Zikafika poti giyabokisi itsike ndithu, musamange puleti yokha ayi, ine zimenezo sindigwirizana nazo. Sinthani puleti, pressure plate yomwe imapanikiza puletiyo, thrust bearing ndi ka pilot bearing kogwira nsonga ya shafiti ya giyabokisi nthawi imodzi, flywheel, chigudumu cha injini chomwe puleti imagwirapo, ikakhala ndi mabala akuda kapena ming'alu ing'onoing'ono ipite kukapalidwa, seal ija ngati ikudontha isinthidwenso pompo. Ndipo muwauze adalaivala asiye kugoneka phazi pa pedulo komanso kugwira galimoto ndi hafu kilatchi pa siteji podikira kondakitala amalize kuitanira, handibuleki ilipo.