Kuchepetsa fizi pa yunivesite ya boma ya chigawo china ku America

Mwafunsa kuti mwana wanu, wokhala m'chigawo cha Nevada, angapewe bwanji fizi yokwera ya ochokera m'zigawo zina pa yunivesite ya boma ya m'chigawo cha Montana.

Yambani ndi WUE (Western Undergraduate Exchange), mgwirizano wa zigawo zakumadzulo kwa America wochepetsa fizi. Wolandiridwa salipira zoposa 150 peresenti ya fizi ya eni chigawo: eni akamalipira madola 8,000, iye sadutsa 12,000. Malo ogona ndi chakudya sizilowamo.

Onani pa webusaiti ya WICHE, bungwe loyendetsa WUE, ngati sukuluyo ili mu WUE, ndiponso ngati maphunziro amene mwanayo akufuna alimo. Ambiri amagwera pamenepa, chifukwa sukulu zina zimapatula maphunziro olimbiranidwa monga unamwino.

Kenako afunsire malo msanga, ndipo apemphe mtengo wa WUE pafomu pomwepo. Malo ndi owerengeka, ndipo sukulu zina zimafuna GPA (avereji ya magiredi) yokwera. Sungani pafupi umboni wa kumene mumakhala, monga laisensi ya galimoto.

Chenjerani: zaka zophunzira pa WUE siziwerengedwa akadzafuna kuti azitengedwa ngati mwini chigawo. Wochokera kunja kwa America pa viza ya ophunzira ya F-1, WUE siyimukhudza. Ameneyo ayang'ane ku Texas, komwe sikolashipu yopikisana ya madola osachepera 1,000 ingamutsitsire fizi kufika pa ya eni chigawo.