Momwe ndinathanirana ndi nkhani yokana zakudya kwa anthu ku Joni kuno

Ine ndikadya cha tirigu chilichonse mimba imatupa ngati ng'oma, adokotala anati ndi gluten, imapezeka mu tirigu, barley ndi rye. Koma chovuta kwambiri chinali anthu. Johannesburg ndi buledi paliponse, kota (buledi wothiramo chips ndi zina mkati), magwinya (mandasi a kuno), ku tchalitchi kwathu ku Rosettenville tikaweruka ndi tiyi ndi masikono, nde ukakana amayi ena amvekere "aaa achimwene mwayamba matama eti", mpaka ndinasiya kupita kocheza.

Pano ndimauziratu mwini nyumba pa WhatsApp lisanafike tsikulo, kuti asavutike, nsima ndi mpunga ndimadya bwinobwino, chimanga chilibe gluten. Ndimangopempha kuti ndiwo zanga apatule asanathire supu wa mpaketi uja, ambiri amakhala ndi ufa wa tirigu ndipo anthu sadziwa, amangoona kuti msuzi wakhuthala bwino.

Ku braai, kootcha nyama kuja, ndimatenga nyama yothira mchere wokha, boerewors, soseji ya kuno, ndiyambe ndawerenga paketi kaye poti ina amaikamo tirigu. Mowa wa barley ndi mageu ogula ena, ayi.

Chimene chinatseka pakamwa anthu ndi zitumbuwa. Ndimakazinga kunyumba, nthochi zakupsa ndi ufa wa chimanga basi, mafuta ake osakazingiramo mandasi, nkunyamula beseni lonse osati zanga zokha. Amalimbirana mpaka ine mwini wake kutsala ndi ziwiri, nde pano ndimabisako zina mchikwama. Amayi aja sabata yatha anabweretsa chinangwa chophika, akuti "ichi ndi cha achimwene, musakhudze".