Laputopu ikamanyerenyesa m'manja ili pa chaja

Choyamba zulani chaja mugwirenso laputopuyo ili pa batire yokha, kunyerenyesa kukasiya ndiye kuti vuto ndi chaja kapena soketi. Machaja ambiri a mano awiri alibe waya wa earth (wopititsa pansi magetsi otayika), ndiye timagetsi tochepa todutsa mu capacitor (kachipangizo ka mkati mwa chaja) timasowa kolowera, timathera pa chitsulo cha laputopu kenako m'thupi mwanu, makamaka mukaponda pansi opanda nsapato.

Pezani chaja kapena chingwe cha mano atatu cha kampani yake yomweyo, koma samalani, mapulagi ena dzino lachitatu ndi lapulasitiki, silithandiza chilichonse. Soketi nayonso ikhale ndi earth, ma extension otchipa ena alibe.

Ikamachita kuluma mopweteka kapena chaja ikununkha kupsa, osadikira, zimitsani muitane wamagetsi.